Zogwirira za Apongozi

Ine ndine munthu wa zitsulo. Zaka zanga zonse za mphamvu ndinathera ku fakitale kuno ku Kafue, kulumikiza mapaipi ndi kukonza makina, ndipo chimene ndamanga ine sichigwedera. Ndayamba ndi kudzitama dala, kuti mudziwiretu kuti zogwirira zimene ndinamanga m'bafa mwathu sizinazuke, sizinapindike, sizinachite dzimbiri. Zilipo mpaka lero, zolimba gwa. Koma ndi zomwezo zimene zinachotsa apongozi anga pakhomo pano.

Apongoziwo, mayi ake a mkazi wanga, anabwera kudzakhala nafe ku Estates, dera la nyumba za ogwira ntchito m'mafakitale, amuna awo atamwalira kumudzi ku Katete. Tinakhala nawo zaka zambiri, ndipo pa zaka zonsezo ine ndi iwo sitinadyerepo pamodzi, sitinakhalepo pampando umodzi, ngakhale kugwirana chanza. Tikakumana pakhomo, iwo ankapatuka n'kupinda bondo, ine n'kuvula kapu, maso kumbali. Moni tinkapatsana patali, moomba m'manja. Akafuna kanthu kwa ine ankauza mwana wawo, mwana wawoyo n'kuuza ine, ngakhale tonse atatu tili pabalaza limodzi. Ana athu ankaseka mpaka misozi, amvekere amama ndi foni yoyenda ndi miyendo. Asiyeni aseke, ndi ana a m'tauni. Ife tinakula choncho, ndipo sichinali chidani ayi.

Ndinkawakonda mayi amenewa, ndinene poyera. Ana athu onse analeredwa pamsana pawo ife tili ku ntchito. Chaka chimene fakitale inatichotsa, ine ndinkangokhala panyumba mutu uli wotentha, kukalipira aliyense ngakhale nkhuku. Ndi iwo amene anauza mwana wawo kuti asamandiyankhe. Ndikamagwira tintchito tanga kuseri kwa nyumba, ndinkapeza kambale ka nshawa zokazinga pazenera, woikapo osaoneka.

Ukalamba unawayamba ndi mawondo. Kenako matenda othamanga magazi anawagwetsa kamodzi, ndipo atachira dzanja lamanja linatsala lofooka, moti kapu ya tiyi ankanyamula ndi lamanzere. Tsiku lina mkazi wanga anaona chigongono chawo chitatupa, chakuda bii. Atawapanikiza ndi mafunso, anaulula kuti anaterereka m'bafa masiku atatu apitawo.

Nkhani itamveka, mlamu wanga, mwana wawo wamwamuna amene amagula ndi kugulitsa nsomba ku Chanyanya, mudzi wa asodzi m'mbali mwa mtsinje, anabwera panjinga Loweruka lomwelo.

“Alamu, amama ndiwatenge,” anatero. “Achemwali amachoka m'mamawa kupita ku ntchito ku Lusaka, kubwera dzuwa litalowa. Inu simungawagwire. Kwathu mkazi wanga amakhala pakhomo tsiku lonse.”

Mkazi wanga anakana kwamtuwagalu, ndipo ine ndinali naye. Ku Chanyanya tikukudziwa. Bafa ndi la bango, chimbudzi chili kumapeto kwa bwalo, ndipo mvula ikagwa matope amafika m'akakolo. Munthu wakumwa mankhwala tsiku ndi tsiku, wopita ku chipatala mwezi uliwonse, tikamuike kumeneko? Tinaganiza zopeza mayi woti aziwasambitsa, koma eni ake anaimika manja m'mwamba.

“Mudzandisambitsa nditafa,” anauza mwana wawo. “Ndili ndi moyo, thupi langa ndisamba ndekha.”

Basi, njira zinali ziwiri: bafa likonzedwe, kapena apongozi apite. Ndinadzimenya pachifuwa, ndimvekere zisiyireni ine.

Poyamba ndinafunsa nesi wina wa ku chipatala kumene ankatengako mankhwala, mayi wachikulire wosachedwa ndi mawu. Anandiuza kuti ndigule zogwirira zonenepa bwino, zokhakhala, zoti dzanja la sopo lisapulumuke. Kenako anandiloza ndi cholembera.

“Koma musanaboole khoma, mulowe nawo m'bafamo. Akhale mmene amakhalira posamba, adzuke inu mukuona. Pamene dzanja lawo lafika, pomwepo muike chizindikiro.”

Ndinaseka. “Asisita, ndi apongozi anga amenewa.”

“Ndiye alowe nawo mwana wawo. Koma musaike mongoganizira.”

Ndinavomera ndi mutu, koma mumtima ndimvekere, mayi inu, ine ndayeza mapaipi a fakitale yonse, ndingalephere kabafa?

Ku Lusaka ndinazungulira mashopu a zomangira tsiku lathunthu. Mitundu inali mbwee. Zina zinali za mphira zongomata pa matailosi, ati osaboola khoma. Wogulitsa anamata chimodzi pagalasi, amvekere, “Ba mudala, donsani muone.” Ndinakoka kamodzi, chinabwera m'manja, ine n'kutsala pang'ono kugwa chagada. Zina zinali zonyezimira koma zoonda, zoyenera kupachikapo thawulo basi. Ndinazigogoda ndi kiyi, ndinamva kuti mkati ndi mphepo yokha. Pamapeto ndinasankha ziwiri za chitsulo chosachita dzimbiri, zolemera, zokhala ndi timizere pogwira. Mu minibasi ndinazifungatira pamiyendo njira yonse, anthu n'kumandifunsa ngati ndikumanga basi yanga.

Lamlungu titaweruka ku tchalitchi, ndinauza mkazi wanga zimene ananena nesi zija. Analowa kuchipinda kwa mayi ake, ine ndinaima pakhonde, pensulo kukhutu. Makoma a nyumba za ku Estates sabisa mawu, ndinamva zonse.

“Iwe, wapenga? Ine ndikalowe m'bafa, ndikakhale pansi, ndizidzuka ngati mwana wophunzira kuyenda, apongozi ali panja kudikira? Iyayi. Iwo ndi amisiri. Pamene aika ndi pomwepo.”

Mawu akuti amisiri anandikoma, ndisaname. Mkazi wanga atatuluka ndinangoti, “Amake mwana, musawavutitse. Bwerani muime inuyo.”

Ndiye ndinayezera pa iye. Mkazi wanga ndi wamtali, anatengera bambo ake, ndipo tsikulo anali atavalabe nsapato za ku tchalitchi. Anaima pansi pa shawa, anatambasula dzanja, ine ndinalemba pakhoma. Ndinachotserako chikhatho chimodzi poti apongozi ndi aafupi, n'kudziona wanzeru zedi. Khoma ndinasankha la kumanja, chifukwa la kumanzere mumadutsa paipi ya madzi ndipo sindinafune kuiboola. Chitsulo chachitali ndinachigoneka pamenepo, chachifupi ndinachiika pambali pa toileti.

Ntchito yake ndinaigwira ngati ndikumanga mlatho. Matailosi ndinaboola pang'onopang'ono, ndikuthira timadzi, osasweka ngakhale imodzi. Mabuloko a nyumba yathu ndi amphako, misomali yopota wamba singagwiremo, choncho ndinaboola mpaka kuseri, n'kulowetsa mabawuti aatali, n'kumanga ndi mbale zachitsulo mbali ya pakhonde. Nditamaliza ndinalendewera thupi lonse, miyendo m'mwamba. Ndinaitana aneba, bambo wina wonenepa woyendetsa takisi, nayenso analendewera. Chitsulo chili phee.

Madzulo ake apongozi anatuluka ndi ndodo yawo, anaima kumapeto kwa khonde, anagwada movutikira, n'kuomba m'manja.

“Uwauze apongozi kuti andipatsa miyendo yatsopano,” anauza mwana wawo. “Mulungu awadalitse.”

Kuyambira m'mawa mwake, akamalowa kukasamba, ndodo inkatsala panja, yotsamira pachitseko. Ine ndinaiona. Ndinaiona tsiku ndi tsiku kwa milungu itatu, ndipo ndinkanyadira! Ndinafika pokokera mkazi wanga kuti adzaone, ndimvekere, taonani ntchito ya mmisiri, ndodo yapuma pantchito. Kalanga ine, kupusa kwake.

Chimene sindinkadziwa ndi ichi. Apongozi sankasamba choimirira. Madzi kuno sakwera kawirikawiri kufika ku shawa, ndipo ngakhale akwere, iwo shawa sankaifuna. Ankakhala pa kampando kakafupi pakona, beseni lili pakati pa miyendo, monga anazolowera kumudzi. Podzuka ankatsamira ndodo ndi dzanja lamanzere, lamphamvu lija. Chitsulo changa chinali m'mwamba, mbali ya dzanja lofooka, kutali ndi kampandoko. Kuti achifikire ankayenera kudzikankha pansi, kudziponya kutsogolo, n'kuchiwakha. Kampandoko ndinkakaona m'bafamo, koma ndinkayesa n'kochapirapo zovala. Mkazi wanga ankadziwa kuti amakhalapo, koma mmene amadzukira sanaonepo, popeza ankakhoma chitseko.

Nanga ndodo ankaisiyiranji? Zimenezi anadzauza mwana wawo pambuyo pake ali m'chipatala. Anati kulowa ndi ndodo m'bafa kukanakhala kuuza apongozi kuti ntchito yawo ndi yachabe. Munthu wapita mpaka ku Lusaka, waboola khoma la nyumba yake, iwo n'kumadutsa pamaso pake ndi ndodo? Anati sakanatha kundinyoza choncho.

Linali Lachinayi, cha m'ma 2 koloko masana. Tsiku limeneli amayi a m'dera lathu amavala mayunifomu n'kupita ku misonkhano ya ku tchalitchi, mzere wonse wa nyumba umatsala zii. Mkazi wanga anali ku ntchito. Ine ndinali kuseri, ndikunola khasu. Ndinamva beseni kulira, kenako chinthu cholemera kugwa, khu!

Ndinathamanga mpaka pachitseko cha bafa, n'kuima. Dzanja linakana kugwira chogwirira cha chitseko.

“Apongozi! Mwagwa kodi?”

Aka kanali koyamba kuwafunsa funso ine mwini, popanda wodutsiramo. Mawu anabwera kuchokera pansi penipeni.

“Musalowe.”

“Mwapweteka?”

“Musalowe, apongozi, chonde. Itanani munthu wamkazi.”

Ndinatuluka liwiro, opanda nsapato. Nyumba yoyamba, loko. Yachiwiri, loko. Yachitatu ndinapeza mdala wina wosamva bwino ali pampando, amvekere amayi apita ku mpingo. Ndinafika mpaka pamsewu, ndikukuwa ngati wamisala, osaona chitenje ngakhale chimodzi. Ndinaimbira mkazi wanga, anakuwa kuti akunyamuka, koma Lusaka si pakhomo. Ndinaimbira bambo wa takisi uja, anati ali ku siteshoni, akubwera.

Nditabwerera m'nyumba, madzi anali atatulukira pansi pa chitseko mpaka pakhonde, ndipo sanali oyera. Anali ofiirira.

“Apongozi!”

Zii.

“Amama!”

Ndinamva kubuula kokha. Apo ndinasiya kuganiza. Ndinasolola bulangeti pabedi lathu, ndinamenya chitseko ndi phewa kawiri, kaloko kanathyoka. Ndinalowa bulangeti lili kutsogolo, nkhope nditatembenuzira kukhoma, koma munthu sunganyamule mnzako maso uli chitsinzinire. Ndinayang'ana. Anali gone cham'mbali pakati pa kampando ndi khoma, mwendo umodzi utapotoka, pachipumi pakutuluka magazi, sopo akadali kumsana. Anali aang'ono kwambiri, mafupa okhaokha. Atandiona sanaphimbe thupi ayi. Anatenga manja onse awiri, lofooka lomwe, n'kuphimba kumaso.

Ndinawafunditsa, ndinawanyamula. Sanalire ndi ululu, ngakhale fupa la m'chiuno linali litathyoka. Ankangonong'ona m'zikhatho mwawo, “Mayo ine, mayo ine, ndaonekera.” Njira yonse ya ku chipatala, ndili nawo kumpando wakumbuyo kwa takisi, manjawo sanawachotse.

Anawatumiza ku chipatala chachikulu ku Lusaka, ndipo anakhalako nthawi yaitali. Ine ndinkapita ndi chakudya, n'kumathera pabenchi panja pa wodi. Mkazi wanga akatuluka ndinkafunsa, “Akuti bwanji?” Iye amvekere akupeza bwino. Ndinkaona kuti pali china chimene akundibisira, koma sindinkafuna kuchimva.

M'masiku amenewo ndi pamene ndinalowa m'bafa muja, n'kukhala pa kampando kaja. Ine mwamuna wamtali, wamanja awiri amphamvu, ndinatambasula dzanja, zala zinangokhudza chitsulo kunsonga. Ndinakhala pamenepo, ndinalira ngati mwana. Ndinkafuna kuzula zitsulozo ndi manja, koma nanga zikanazuka? Ndinazimanga ndine.

Atatsala pang'ono kutuluka, mkazi wanga anandikhazika pansi.

“Atate ake mwana, amama akuti kuno sabwerera.”

“Chifukwa cha bafa? Ndikonza. Nditsitsa zonse, ndiika zina kumanzere.”

“Si bafa. Ndi inu.”

Ndinakwiya, ndisabise. Ndinamenya tebulo. Ndinati kodi ndikanawasiya afere m'madzi? Ndinati mwambo wanji wopha munthu? Mkazi wanga anangondiyang'ana, maso ali ofiira, n'kunena kuti, “Inuyo simunathamange nyumba zitatu musanathyole chitseko?” 

Tinayesa zonse. Akulu a mpingo awiri anapita kukacheza nawo, anawauza kuti pa ngozi palibe mlandu, ndipo pamaso pa Mulungu palibe cholakwa chachitika. Azakhali a mkazi wanga anabwera kuchokera ku Katete, anati zoterezi akuluakulu amazikonza, anthu n'kukhalanso bwinobwino. Apongozi anavomera zonse. Anati mlandu palibedi, apongozi anga ndi munthu wabwino, anandipulumutsa, ndipo ndidzawathokoza mpaka kumanda. Koma anati maso awo sangathe. Anati m'mawa uliwonse azidzatuluka kuchipinda akudziwa kuti munthu amene wakhala pakhondeyo anawaona mmene anabadwira, ndipo nshima ya m'nyumba imeneyo siingatsike pakhosi.

Ndinatumiza mawu akuti ndichoka ineyo, ndikakhala kwa mng'ono wanga, iwo abwere. Yankho linabwera lakuti sanabadwe kuti adzathamangitse mwamuna m'nyumba yake.

Mlamu wanga anawatenga kuchokera ku chipatala komweko, molunjika ku Chanyanya. Galimoto itaima pa Estates, iwo sanatsike n'komwe. Zovala zawo analongedza ndi mkazi wanga, ine ndinangonyamula chikwama kukachiika m'galimoto pamsewu, iwo ali mkati, chitenje chili kumutu.

Kumeneko akufota. Mkazi wanga amapita Loweruka lililonse, ndipo akabwera sadya. Mwezi wina mankhwala anadumpha chifukwa msewu unali woipa. Amayenda ndi kachitsulo ka miyendo inayi, koma pamatope kamatitimira. Mkazi wa mlamu wanga ndi munthu wabwino, koma ali ndi nsomba zoyanika, ndipo apongozi mpaka pano akukana kusambitsidwa. Amakwawa kulowa m'bafa la bango lija, n'kumagwira bango podzuka.

Nditamva za bangozo, tulo tinandithawa. Ndinati ngakhale andikane, manja anga asawakane. Ulendo uno ndinachenjera mochedwa. Ndinapatsa mkazi wanga chingwe, ndinati akapatse mkazi wa mlamu, akamange mfundo pamene dzanja lamanzere la amama limafika akakhala pansi, ndi ina pamene limafika akaimirira. Chingwe chabe! Chinthu choti ndikanachiganiza poyamba paja. Chitabwera, ndinapita kwa owotcherera ku msika, tinapanga zogwirira ziwiri za mapaipi zozika pansi, china cha ku bafa, china cha ku chimbudzi.

Ndinapita nazo tsiku lina pakati pa mlungu, ndi thumba la simenti. Ndinafika m'mawa, dzuwa lisanatenthe. Mlamu anali ku doko. Mkazi wake anandilandira, anandipatsa madzi, ndipo nditafunsa za amama anati ali m'nyumba, akupereka moni. Ndinaomba m'manja kuloza kuchitseko. Chitseko chinali chotseka.

Bwalo lawo ndi laling'ono. Bafa ndi chimbudzi zili moyang'anana ndi khomo la nyumba, palibe pobisala. Ndinayamba ndi ku bafa. Ndinakumba maenje, ndinathira miyala, ndinayeza ndi chingwe chija kawiri katatu, ndinasakaniza simenti. Sindinafune kuthamanga. Ndinati ntchito ino yokha ndiigwire bwino, ngakhale dzuwa lilowe. Mtima unayamba kupepuka pang'ono, ndinafika poimba kanyimbo ka ku tchalitchi chapansipansi. Masana anandipatsa nshima ndi nsomba, ndinadyera pansi pa mtengo, osafulumira. Nditatha ndinayamba kukumba pa chimbudzi.

Dzuwa litapendeka, ndinapita kukatunga madzi mu diramu imene inali pansi pa zenera la nyumba. Zeneralo linali lotchinga ndi nsalu. Ndili chiweramire, ndinamva mawu awo, ofooka, akufunsa mkazi wa mlamu.

“Apita kodi?”

“Sanapite, amama. Atsala ndi chimodzi. Tiyeni ndikuperekezeni, ndikuphimbani ndi chitenje, sakuonani.”

“Iyayi.”

“Amama, kuyambira m'mawa simunatuluke. Madzi mwakana kumwa, mankhwala simunamwe. Mudzipweteka. Nanga ndibweretse ndowa?”

“Iwo ali panja pomwepa, amve? Iyayi, mwanawe. Asiye amalize ntchito yawo, usawafulumize. Ndipirira.”

Ndinaimika chigubu pansi pang'onopang'ono kuti chisalire. Maola onse aja ine ndikuimba nyimbo, ndikudya nsomba pamthunzi, mayi wokalamba anali m'nyumba yotentha, wosamwa madzi, akudzigwira kuti asapite ku chimbudzi, chifukwa panjira pake panali ine.

Ndinatola zida zanga n'kuponya m'thumba. Chogwirira chachiwiri ndinachisiya chili gone pambali pa dzenje, simenti ikuuma pa fosholo. Ndinaima pakati pa bwalo, ndinakweza mawu kuti amve bwino mkatimo.

“Ndapita ine! Ndapita, tsalani bwino!”

Ndinayenda osacheuka, ndipo ndisanafike pamsewu ndinamva chitseko chikutseguka kumbuyo kwanga. Dzenje lija anadzamaliza ndi mlamu. Ine ku Chanyanya sindinapondekonso, ndipo sindidzapondako iwo ali moyo.